Ana Atuluke: Mbiri ya Mkeka wa Kutsogolo m'Matchalitchi a ku Thyolo

Mwezi wathawu ndinali kumudzi, ndipo Lamulungu ndinatsagana ndi achemwali kutchalitchi komwe ndinakulira, kuseri kwa minda ya tiyi, ukangodutsa malaini a antchito. Kunja kunali kachiperoni kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. Titamaliza nyimbo yachiwiri, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena mawu awiri amene aliyense wokulira m'tchalitchi amawadziwa: "Ana atuluke."

Abale, theka la tchalitchi linatuluka. Mabenchi anangoti mbee. Ife akuluakulu tinatsala mkati motentha bwino, ana n'kukaunjikana pansi pa mtengo wa mapeyala ndi mtsikana mmodzi wa Fomu 2, wopanda buku, wopanda bolodi, atangonyamula kakhwapulo m'manja. Pobwerera kunyumba, mwana wa achemwali, wa zaka 6, anandigwira dzanja n'kufunsa: "Amalume, mkati muja mumakamba zotani zoti ife tisamve?"

Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Madzulo ndinawafotokozera anganga pomwe ankasenda chinangwa, iwo n'kungoti: "Iii, zasintha. Ife kale ndi amene tinkawawerengera akuluakulu Baibulo." Mawu amenewo ndi amene andilembetsa nkhaniyi. Ndinkaganiza kuti kutulutsa ana ndi mwambo wakalekale, wobwera limodzi ndi belu ndi guwa. Nditafufuza ndapeza kuti nkhani yake ndi yokhotakhota kuposa pamenepo.

Mpingo unayamba ndi ana

Tiyambe ndi Joseph Booth, mmishonale wa ku England amene anafika m'dziko muno mu 1892. Sanabwere ndi gulu la azibusa. Anabwera ndi mwana wake wamkazi, Emily, wosakwana n'komwe zaka 10. Booth akachoka pakhomo, amene ankasamalira Emily akadwala anali mnyamata wantchito wa ku Chiradzulu, John Chilembwe. Tangoganizani: pakhomo pomwe panaphukira imodzi mwa mbiri zazikulu za Chikhristu cha kuno, mapemphero a m'mawa ankachitika pali bambo, kamwana ndi wantchito. Panalibe chipinda china choti mwanayo akadikire akuluakulu amalize.

Booth yemweyu ndi amene anatsegula mishoni ya Plainfield ku Thyolo cha m'ma 1900, mothandizidwa ndi a Seventh Day Baptist a ku Plainfield, New Jersey. Anagula malo okwana maekala pafupifupi 2,000 poganiza kuti khofi adzayendetsa mishoni, koma khofiyo sanachite bwino. Mu 1902 malowo anagulidwa ndi a Seventh-day Adventist, ndipo anatumizako banja la Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Branch naye anabwera ndi ana ake, ndipo mwana wake wamkazi, Mabel, ndi amene anagwira ntchito ya uphunzitsi pamishonipo. Mu 1907, Joel Rogers atatenga utsogoleri, dzina linasintha kukhala Malamulo, lomwe tonse tikulidziwa lero ku Makwasa.

Malamulo sanali okha. A Nyasa Industrial Mission anali ku Ntambanyama, a mishoni ya Blantyre anali ndi sukulu zawo m'midzi, Akatolika a chipani cha Montfort, omwe anafika m'dziko muno mu 1901, nawo anafalikira m'mapiri a kummwera kuno. Ziphunzitso zawo zinkasiyana, nthawi zina ankalimbirana midzi ngati mavenda pa depoti, koma njira yolowera pamudzi inali imodzi: sukulu.

Kumbukirani kuti boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926. Zaka zonse za m'mbuyomo, sukulu inali nkhani ya mishoni. Pamudzi pankamangidwa kanyumba kamodzi ka udzu. Mkati mwa sabata kanali sukulu, tsiku lopembedza kanali tchalitchi, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye ankalalikira. Ndiye funso n'lakuti: tsiku lopembedza, ndani ankadziwa nyimbo? Ndani ankatha kutsegula buku n'kupeza ndime? Ana a sukulu. Akuluakulu ambiri ankabwera pambuyo, ena mokayikira, ena pofuna kungoona zomwe ana awo akuphunzitsidwa. M'midzi yambiri mpingo woyamba unali wa ana, makolo anali ngati alendo oitanidwa.

Pamene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'Chinyanja mu 1922, m'nyumba zambiri munthu woyamba kuliwerenga mokweza anali mwana. Zomwe ananena anganga si nthabwala ayi. Iwo anabadwa cha m'ma 1940, ndipo akuti bambo awo, Mlomwe wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, ankawakhazika pambali pawo m'tchalitchi kuti aziwanong'oneza zolembedwa m'buku la nyimbo.

Ndipo ana ena a nthawi imeneyo anadzanyamula mpingo pamutu. Daniel Malekebu anali kamnyamata pa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'manja mwa mmishonale Emma DeLaney. Anamutsatira mpaka ku America, anaphunzira udokotala, ndipo mu 1926 ndi iye amene anatsegulanso mishoniyo itagwetsedwa pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915. Akanamuuza kuti akadikire pansi pa mtengo, kaya bwenzi tikukamba zotani lero.

Tiyi, thangata ndi tsiku limodzi lopuma

Koma mbiri ya tchalitchi ku Thyolo siyiyenda yokha, imayenda ndi dengu kumsana. Tiyi anayamba kulimidwa ngati bizinesi ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo anafika mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. Satemwa inayamba mu 1923, ndipo m'zaka za m'ma 1930 minda inakula kwambiri. Manja othyola masamba ambiri anali a Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankathawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzapeza kuti nthaka yabwino kuno ili kale m'manja mwa makampani. Kuti ukhale pamalopo unkalipira ndi thukuta. Ndiyo thangata ija, yomwe inathetsedwa mwalamulo mu 1962, anthu atakhetsa kale magazi pa zipolowe za ku Thyolo za mu 1953.

M'minda imeneyi ana sankaonedwa ngati ana. Ankapalira, ankazula udzu, ankathyola masamba, ankalandira phoso ndi malipiro ochepa kuposa a akulu. Wolemba mbiri Wiseman Chirwa anafufuza bwino za ntchito ya ana ndi achinyamata m'maesiteti a Nyasaland kuyambira 1890 mpaka 1953, ndipo chithunzi chake n'chomveka: mwana anali wantchito wotchipa. Eni minda ena sankafuna n'komwe sukulu pamalo awo. Ku Magomero, m'minda ya A. L. Bruce, timatchalitchi ta anthu a Chilembwe tinkatenthedwa. Mwana wodziwa kuwerenga amatha kuwerenganso tikiti yake, n'kuona kuti masiku sakukwana.

Apa pali chinthu chomwe chimandikhudza. Mwana yemwe masiku 6 ankakalipiridwa ndi kapitawo, dzina lake losadziwika, tsiku lopembedza ankaimirira kutsogolo kwa anthu onse n'kunena ndime yoloweza pamtima, mpingo wonse n'kuvomera. Mwina malo okhawo pa sabata yonse pomwe mawu ake ankamvedwa ndi akuluakulu anali m'tchalitchi. Mkeka wa kutsogolo uja, womwe ife tinkaudandaula kuti ngozizira, kwa iwo unali mpando waulemu.

Komanso esiteti inasokoneza banja lopembedza. Tsiku lopuma linali limodzi, ndipo tsiku lomwelo ndiye lochapa, lopita kumsika, lolima kadimba kako. Nyengo ya dzinja, tiyi akaphukira kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, munthu ankafika Lamulungu thupi lili zii. Anganga akuti masabata ambiri amayi awo ankangowasambitsa n'kunena kuti, "Pitani mukatipempherereko." A mpingo wa Sabata anali ndi mtanda wawo wapadera, poti Loweruka kuesiteti linali tsiku la ntchito. Motero kutalikirana kwa ana ndi makolo pa nthawi yopembedza sikunayambe ndi chiphunzitso chilichonse. Kunayamba ndi belu la kufakitale.

Sande Sukulu inachokera kuti?

Ambirife timaganiza kuti Sande Sukulu inayamba pofuna kuti ana asasokoneze ulaliki. Ayi ndithu. Mu 1780, mumzinda wa Gloucester ku England, mkonzi wa nyuzipepala Robert Raikes anaona ana ogwira ntchito m'mafakitale masiku 6, omwe Lamulungu ankangoyendayenda m'misewu. Anakonza zoti aziphunzitsidwa kuwerenga tsiku limenelo, buku lawo lalikulu likhale Baibulo, kenaka azitengedwa kupita kutchalitchi. Mwamva? Kupita kutchalitchi, osati kutulutsidwamo. Sande Sukulu yoyamba inali khomo lolowera la ana antchito, ofanana ndendende ndi ana a m'malaini a ku Thyolo.

A Adventist nawo, kuyambira m'ma 1850, anakonza Sukulu ya Sabata, koma yawo inakhala ya misinkhu yonse: agogo ali ndi kalasi, achinyamata kalasi, tiana kalasi, kenaka onse amakumana pa mapemphero aakulu. Mpaka lero m'matchalitchi ambiri a Sabata muli kanthawi koitana ana kutsogolo kuti amve nkhani yawo mpingo wonse ukumvetsera, ndipo ku misonkhano ya misasa banja lonse limasamuka, ndi mapoto omwe. Ku Blantyre, David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anaika anyamata a kwaya ovala mikanjo yoyera kutsogolo kwa mpingo, mpaka Asikotishi anzake ena n'kumamunena kuti akutengera za mipingo ina.

Kwa Akatolika, mu 1910 Papa Pius X analamula kuti ana azilandira Ukaristia akangofika msinkhu wozindikira, cha pa zaka 7, osadikira kuti akule. Mu 1973 ku Roma kunatuluka malangizo a Misa za ana, olola kuti ana akamve Mawu paokha m'chilankhulo cha msinkhu wawo, koma abwerere kudzamaliza Misa pamodzi ndi onse. Ndipo dzina lomwe Akatolika a kuno anapatsa gulu la ana limandisangalatsa: Tilitonse. Dzina lokhalo ndi ulaliki.

Ku CCAP ndi mipingo ina yobatiza makanda, mwana amalowa mumpingo ali kumsana, koma ku mgonero amafika atadutsa kalasi. Ku mipingo yobatiza akuluakulu okha, mwana amadalitsidwa n'kudikira kuti adzasankhe yekha. Njira n'zosiyana, ndipo sindikulemba kuti ndigamule mlandu umenewo. Chomwe ndikuona n'chakuti palibe ngakhale umodzi mwa miyambo imeneyi umene unayamba ndi ganizo loti mwana ndi chisokonezo.

Nanga zinatembenuka liti?

Palibe tsiku limodzi lomwe tingaloze. Ine ndikuona zinthu zinayi zomwe zinakumana.

Choyamba, sukulu inachoka m'tchalitchi. Boma litayamba kuyendetsa maphunziro, makamaka titalandira ufulu mu 1964, kenaka pulayimale yaulere mu 1994, kuwerenga kunasiya kukhala mphatso ya mpingo. Ndi chinthu chabwino, tisanamizane. Koma Sande Sukulu inataya ntchito yake yoyamba, ndipo m'malo ambiri sinapatsidwe ina yomveka. Inatsala ngati malo osungirako ana.

Chachiwiri, akuluakulu anaphunzira kuwerenga. Ana a mkeka aja anakula, anakhala madikoni, akulu a mpingo, amayi a Mvano ndi a Dorika. Sankafunikanso mwana woti awanong'oneze nyimbo. Mwana anachoka pa udindo wa wothandiza n'kukhala womvera chabe.

Chachitatu, tinachuluka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinali 17.5 miliyoni, pafupifupi theka osakwana zaka 18, ndipo Thyolo yokha inali ndi anthu opitirira 700,000 pa nthaka yomwe gawo lalikulu ndi tiyi. Tchalitchi chomangidwa m'ma 1970 sichingakwane. Malo akachepa, wotuluka ndi amene sapereka chakhumi. Zowawa, koma ndi momwe zimakhalira.

Chachinayi, chikhalidwe chathu chomwe. Tisamangonamizira azungu zonse. Kwathu mwana sakhala pabwalo akulu akamakamba milandu, ndipo pali nzeru zina zomwe amazimva akavinidwa basi. Tchalitchi chitakhazikika n'kukhala cha eni mudzi, chinatengera ulemu wa pabwalo. Onjezerani mwambo wa kuesiteti, komwe aliyense ali ndi mzere wake ndi kapitawo wake, mupeza chifukwa chomwe dikoni wa kakhwapulo amaonekera ngati wachibadwidwe. Masiku ano tawonjezera china: timaonera pa foni matchalitchi a ku Johannesburg ndi ku America okhala ndi zipinda za ana zopaka utoto, zidole ndi aphunzitsi ophunzitsidwa. Ife timakopera kutulutsako, zipindazo osakopera.

Tisakometsere zakale

Ndikanakhala wabodza ndikanati kale zonse zinali bwino. Ine ndemwe ndinakhalapo pamkeka uja m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ulaliki unkatenga ola ndi theka, za Melikizedeki, ife m'mimba muli kulira. Ukangosinza, kakhwapulo pamutu. Tsiku lina ndinaseka chifukwa nkhuku inalowa n'kukwera pa gome, ndipo ndinakokedwa khutu mpingo wonse ukuona. Kukhala mkati si kulandiridwa ayi. Mwana atha kukhala kutsogolo kwenikweni koma ali kunja mumtima.

Ndiponso nyimbo zambiri zomwe ndimaimba ndikakhala ndekha ku Blantyre, ndinaziphunzira pansi pa mtengo, kwa mayi wina yemwe ankathyola tiyi sabata yonse koma Lamulungu ankabwera ndi nthano zokonzeka bwino. Sande Sukulu yabwino ndi chuma. Aphunzitsi ake ambiri salandira kanthu, satchulidwa pa zolengeza, ndipo ndi amene agwira mipingo yathu osadziwika. Vuto si kalasi ya ana. Vuto ndi pamene kalasiyo yalowa m'malo mwa kupembedza pamodzi, moti mwana amafika zaka 13 asanaonepo mgonero ukugawidwa, asanamvepo bambo ake akuimba, asanaonepo agogo akulira popemphera. Kenaka tsiku lina timamuuza kuti wakula, alowe. Amalowa ngati mlendo, amakhala benchi ya kumbuyo ndi foni, ndipo posakhalitsa timayamba kufunsana kuti achinyamata akuthawiranji. M'mera mpoyamba, anatero akale.

Ngakhale Buku lomwe timawerenga mkatimo silili mbali yathu pa nkhaniyi. Pa Yoswa 8, chilamulo chikuwerengedwa ana ali pomwepo. Mneneri Yoweli poitanitsa msonkhano akutchula ndi oyamwa omwe. Pa Marko 10, amene akudzudzulidwa si ana aphokoso, koma ophunzira omwe ankawathamangitsa. Ndime imeneyi timaikonda pa tsiku la ana, kamodzi pachaka, titawaveka mayunifolomu. Sabata yotsatira, ana atuluke.

Ku Thyolo konkuno, m'zaka za m'ma 1930, Wilfred Gudu, yemwe kale anali wa ku Malamulo, anayambitsa mpingo wake n'kuutcha Ana a Mulungu, ndipo anamangidwa chifukwa chokana msonkho wa atsamunda. Za chiphunzitso chake tidzakamba tsiku lina. Koma taonani dzinalo. Akuluakulu tikafuna kudzitchula dzina laulemu pamaso pa Mulungu, timabwereka la ana. Eni dzina tawasiya pa chiperoni.

Zomwe zili patebulo kwathu

Chomwe chandipangitsa kuti ndisangoseka funso la mwana uja n'chakuti kutchalitchi kwathu akusonkha ndalama. Ena akufuna shedi ya ana kuseri, ena akufuna kukulitsa tchalitchi kuti onse azikwana. Achemwali ali mu komiti, ndipo pa gulu la WhatsApp la ife a m'tauni, omwe timatumiza kangachepe mwezi ukatha, nkhaniyi yavuta. Wina analemba kuti ana amanunkha mikodzo ndipo amasokoneza mzimu. Munthu wake ndinakhala naye pamkeka womwewo.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo mutha kunditsutsa. Shedi imangidwe, chifukwa mwana sayenera kuphunzira za chikondi cha Mulungu akunjenjemera ndi mphepo. Koma kalasi ikhale ndi nthawi yake, isanayambe mapemphero aakulu kapena pa nthawi ya ulaliki yokha, ndipo ana abwerere. Aone chopereka, aone mgonero, alandire mdalitso womaliza limodzi ndi makolo awo. Mwana wa Sitandade 5 wodziwa kuwerenga apatsidwe ndime awerenge, osati pa tsiku la ana lokha. Mlaliki akonze mphindi zisanu zomwe wa zaka 6 angamve. Ndikukutsimikizirani, anganga nawo adzamva bwino mphindi zimenezo kuposa Chigiriki chija. Ndipo khanda likalira, lilire. Mayi amene wathyola masamba kuyambira Lolemba asachite kutuluka mwamanyazi ngati wapalamula.

Zimenezi si zachilendo zochokera kunja. Ndi zomwe zinkachitika m'kanyumba ka udzu kaja, pomwe Mlomwe wotopa ndi thangata ankaweramira kwa mwana wake wamkazi kuti amve nyimbo ikuti chiyani.

Ndisananyamuke Lolemba m'mawa, ndinamuyankha mwana wa achemwali. Ndinamuuza kuti mkati muja mulibe chinsinsi chilichonse, timangoimba, kupemphera ndi kumvera, ndipo ena timasinza ngati iwo omwe. Anandiyang'ana mokayikira n'kunena kuti, "Ndiye sabata ya mawa ndikhala ndi anganga." Anganga, omwe maso awo anayamba kuchita nkhungu moti zilembo saziona, anangoti: "Ubwere, udzandiwerengere nambala ya nyimbo pa bolodi."